Mabotolo a Mapira Amene Achimwene Anasiya

Achimwene anga atamwalira anasiya mkazi, ana awiri, njinga yopanda mabuleki, ndi makatoni a mabotolo pansi pa bedi. Za mkazi, ana ndi njinga tonse tinkazidziwa. Za mabotolowo ine sindinkadziwa kanthu.

Achimwene anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ankayang'anira gulu la anthu othyola tiyi. Ankakhala kumalayini, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Ine ndimasoka zovala ku Limbe, ndipo tinkaonana mwa apo ndi apo, pamaliro kapena paukwati wa wachibale. Anadwala masiku ochepa chabe, nyengo ya chiperoni, n'kutisiya. Titaika maliro kwathu ku Chimaliro, ndinatsagana ndi alamu anga kumalayini kukawathandiza kulongedza, popeza nyumbayo inayenera kubwezedwa kuti mulowe kapitawo wina.

Ndinali kusesa kuchipinda pamene tsache linagunda chinthu n'kumveka kuti ngwe. Ndinagwada, n'kukoka katoni. Munali mabotolo agalasi, ena a jamu, ena a mayonezi, aliyense wotsekedwa ndi thonje pakamwa, pamwamba pake kapepala komangidwa ndi mphira. M'kati munali mapira. Ndinakoka katoni ina, chimodzimodzi.

"Alamu, bwerani mudzaone. Zimenezi n'chiyani?"

Alamu anaima pakhomo atanyamula mapoto. "Ndi mbewu ya bowa ya achimwene anu."

Ndinawayang'ana kuti mwina sindinamve bwino. Kwathu bowa sadzala. Mvula ikagwa amatuluka yekha pachulu kapena pansi pa masuku, anthu n'kukazula. Ndipo zimene ndinkaona m'botolomo zinali mapira, omwewa timaphika thobwa.

"Mbewu yake ili kuti? Awa si mapira?"

"Ndi mapira, eya. Komanso akuti ndi mbewu."

Ndinaganiza zowathandiza kuchepetsa katundu. Ndinayamba kusankha: mabotolo a mapira ooneka bwino mbali ino, ochita chuku mbali iyo kuti akatayidwe. Ochita chuku anali ambiri. Ena anali atayera mbuu, mapira onse atagwirana ngati awakulunga ndi thonje. Ena anali ndi mawanga obiriwira. Nditanyamula oyera aja kuti ndituluke nawo, alamu anaika mapoto pansi n'kundigwira mkono.

"Ayi, amenewo ayi. Oyerawo ndi amene ankawasangalatsa."

"Owolawa?"

"Akawaona atayera choncho ankaimba nyimbo."

"Nanga obiriwirawa?"

"Amenewo ankakataya kuchimbudzi. Sankawatsegulira m'nyumba."

"Nanga abwinobwinowa, amene sanachite kalikonse?"

Alamu anaganiza kanthawi. "Amenewo ankangowayang'ana."

Ndinakhala pansi pasimenti pakati pa milu iwiri ija, osadziwanso kuti wotaya ndi uti. Chuku choyera chabwino, chuku chobiriwira choipa, mapira osawonongeka osadziwika. Ndinafunsa kumene achimwene anaphunzira zimenezi. Alamu anati kunabwera anthu ena kudzaphunzitsa kuholo ya pasukulu chaka chapitacho, achimwene n'kupitako ndi mnzawo, kapitawo wa gulu lina. Madzulo ake, anthu ataweruka, ndinapita kwa bambo ameneyo. Anandilandira bwino, n'kupepesanso za maliro, koma za bowa anapukusa mutu.

"Ine, achemwali, ndinangopitako tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri kunali ntchito yambiri kumunda, sindinabwererenso. Chimene ndikukumbuka n'chakuti mbewu imeneyo imakalamba. Ikayera siyenera kukhalitsa. Mumaphika mapira ena, n'kutapa pang'ono oyerawo kuthira m'atsopanowo. Mukaisiya, ifa."

Mawu akuti "ifa" ndinawanenera alamu mmene ndinawamvera, osaganiza. Tsiku lonyamuka, pamene anyamata ankakweza mipando ndi matilesi mulole, alamu anakulunga botolo lililonse loyera m'chitenje, n'kukana kuti makatoniwo akwere kumbuyo. Anafungatira katoni imodzi pamiyendo njira yonse yopita kwawo ku Thekerani, lole ikugwedezeka m'zitunda, mabotolo akulira ngwengwengwe. Ine ndinafungatira katoni yachiwiri. Sindikudziwa kuti tinagwirizana nthawi yanji zoti tipitirize ntchito ya achimwene. Sitinakambiranepo. Ndinangoimbira mnzanga wa ku Limbe kuti andisungire makina, ndichedwerako.

Kumudziko tinafikira m'nyumba ya mayi awo a alamu, pakati pa nthochi. Amayiwo anationa tikutsitsa makatoni mosamala ngati muli mazira, anasuzumiramo, n'kulankhula zinazake m'Chilomwe zimene ndinangomvapo theka. Alamu anandimasulira kuti akufunsa ngati mkamwini wawo anali bwinobwino m'mutu asanadwale.

Vuto linali lakuti alamu ankadziwa zidutswa zokhazokha. Achimwene ankawatuma: tsukani mapira, kolezani moto, bweretsani mphasa. Alamu ankachita, koma chifukwa chake sanafunsepo, ndipo chimene chinkayamba ndi chimene chinkatsatira chinali chitasokonekera m'mutu mwawo ndi maliro aja. Tinagula mapira pamsika, tinapeta, tinatsuka mpaka madzi kuyera, oyandama onse n'kutaya. Mpaka pamenepo tinkagwirizana. Kenako alamu anati tiviike. Atatembenuka anati ayi, mwina tiyambe taphika. Kenako anati kuviika kunalipo ndithu, chifukwa akukumbuka ndowa itakhala kuseri kwa chitseko usiku wonse. Tinaviika.

Linali Lachisanu, ndipo ine sindinaganizeko. Ine ndimapemphera Lamulungu, koma alamu ndi a Sabata, achimwene anawatsatira atakwatirana. M'mawa mwake ndinadzuka ndi changu kukatola nkhuni, n'kupeza alamu atavala kale zakutchalitchi.

"Lero sitikoleza moto wa ntchito, alamu."

"Nanga mapira aja?"

"Adikira dzuwa lilowe."

Dzuwa litalowa kunabwera anthu odzapepesa maliro, ndipo sakanasiyidwa okha pakhonde. Pofika Lamulungu masana mapira aja anali akununkha chimera, ena atatulutsa timichira. Amayi ananunkhiza ndowayo n'kunena kuti apa pokha ndiye akumvetsa chimene tikuchita. Anawayala pansi pa masamba a nthochi, ndipo patapita masiku tinamwa thobwa.

Ulendo wachiwiri tinaviika pakati pa mlungu. Pophika ndinafunsa kuti apse bwanji. Alamu anati achimwene ankatenga njere imodzi n'kuifinya ndi zala. Ndinafunsa kuti ikafinyika ndiye kuti zatheka kapena zalakwika. Anati sakudziwa, ankangowaona akufinya. Tinasiya pamoto mpaka njere iliyonse inkafinyika mosavuta, ndipo titakhuthula mudengu zinali phala lokhalokha, zophulika, zomata m'manja. Nkhuku za amayi zinadya mpaka kugona chammbali.

Kachitatu tinaphula msanga, njere zitatupa koma zisanang'ambike. Tinaziyala pamphasa pamthunzi, chifukwa alamu ankakumbuka achimwene akukalipira mwana amene anakokera mphasa padzuwa. Koma n'kuthekanso, anatero pambuyo pake, kuti anamukalipira chifukwa chopondapo. Tinazitembenuza mpaka zitasiya kunyowetsa dzanja. Ndiye alamu anatulutsa chitini cha mkaka chimene chinali m'katoni, chodzaza ndi ufa woyera.

"Uwu ankathiramo."

Ndinanyambita pang'ono. Sunali ufa wa chimanga, sunali soda. Unkakhala ngati choko chimene ndimalembera pansalu, komanso ngati laimu wopaka m'nyumba. Ndinafunsa muyeso wake. Alamu anati ankayeza ndi chivindikiro. M'katonimo munali zivindikiro zitatu, cha chitini chomwecho, cha botolo la jamu, ndi kena kakang'ono ka botolo la mankhwala. Tinaziyang'ana nthawi yaitali, n'kusankha chapakati, popanda chifukwa china kupatula kuti chinali chapakati.

Tinathira mapirawo m'mabotolo otsuka, osadzaza, potengera mmene a achimwene ankaonekera. Tinatseka ndi thonje ndi mapepala. Tinabwereka mgolo kwa anansi, tinaika njerwa pansi pake m'kati, madzi pang'ono, timitengo pamwamba pa njerwa, mabotolo pamwamba pa timitengo, n'kuvindikira ndi chiguduli ndi pulasitiki. Apa ndi pamene mutu wanga unaimiratu. Mapira tinali titaphika kale, titaumitsa, tsopano tikuwaphikanso ali m'botolo. Amayi anabwera kudzaima pafupi, manja kumbuyo.

"Kodi amenewa adzadya ndani, ophikidwa kawiriwa?"

"Bowa, amayi," ndinatero.

"Bowa amadya?"

Za nthawi alamu anati moto unkayamba ana akupita kusukulu, n'kuzima dzuwa litapendeka. Tinasonkhezera tsiku lonse, utsi uli m'maso, ndipo botolo lina linaphulikira m'katimo.

Mabotolo atazizira, tinakhala pamphasa pakhonde, masana kukuwala bwino, n'kutsegula botolo limodzi loyera la achimwene. Linkanunkhira ngati m'nkhalango mvula itangokata. Tinkatapa ndi supuni n'kuthira m'mabotolo atsopano, tikucheza, ana akudutsadutsa, nkhuku zikutola zogwa. Tsiku limenelo tinaseka koyamba chimwalirireni achimwene. Mabotolo tinawaika pansi pa bedi, ine n'kubwerera ku Limbe.

Nditabweranso, alamu sanandilonjere n'komwe mokwanira. Anandilowetsa kuchipinda n'kukoka katoni. Onse anali obiriwira, ena akuda, limodzi lachikasu lotuluka madzi onunkha. Loyera panalibe ngakhale limodzi. Ndipo a achimwene otsala aja anali atayamba kuchita mawanga ofiirira m'mbali, chuku chawo choyera chija chikuoneka chotopa.

Tinayamba kulozana zala mwaulemu. Ine ndinati mwina ndi chivindikiro chija. Alamu anati mwina ndi mapira a kuno, achimwene ankagula kuboma. Amayi anati mwina bowayo akudziwa kuti mwini wake kulibe. Sindinakhulupirire zimenezo, komabe ndinalibe china chanzeru choposa pamenepo.

Mlungu womwewo kunabwera mayi wina wa kutchalitchi kwa alamu, namwino wopuma pantchito, amene pamaliro sanathe kufika. Atapemphera nafe anaona mabotolo obiriwira aja titawaunjika kuseri kwa nyumba, n'kufunsa. Tinamufotokozera zonse. Anati za bowa sadziwa kanthu, koma anafunsa kuti pothira mbewuyo tinali kuti. Tinati pakhonde. Anafunsa ngati malemu ankachitiranso pakhonde.

Alamu anapotokola ngodya ya chitenje. Kenako anayankha motsitsa mawu.

"Ayi. Ankalowa kuchipinda, n'kutseka zenera ndi chitseko. Ankayatsa kandulo masanasana. Ankasamba m'manja ndi sipiriti, supuni n'kuiwotcha pamoto. Ndikalowa ankandiuza kuti tuluka. Tsiku lina anandilola kukhala, koma nditangoyamba kuwauza za fizi ya mwana, anati, 'Usalankhule.' Osandiyang'ana n'komwe."

"Bwanji simunanene zimenezi poyamba paja?" ndinafunsa.

"Ndinkayesa kuti si za bowa. Ndinkayesa kuti ndi za ine."

Anafotokoza kuti miyezi yonseyo ankaganiza kuti achimwene atopa nawo, kuti mabotolo aja anali njira yodzitsekera kuchipinda osamva mawu awo. Anafika mpaka pokadandaula kwa ankhoswe, koma anabwerera panjira chifukwa sanadziwe kuti akanena chiyani. Namwino uja anawagwira dzanja n'kunena kuti kuchipatala, kuchipinda cha opaleshoni, amachitanso chimodzimodzi. Amatseka zitseko, amaphimba pakamwa, salankhula zambiri, chifukwa mpweya wa m'kamwa ndi fumbi zimanyamula tizilombo tosaoneka. Mwaphika mapira tsiku lonse kuti muphe tizilombo, anatero, kenako mwawatsegulira pabwalo pali nkhuku.

Ndinkayembekezera kuti alamu apepukidwa mtima. Sanatero. Mlendo atapita anakhala pamwala wotsukira mbale, nkhope ili gwa.

"Ndiye sakanangonena? Mawu awiri okha. 'Mpweya wako uli ndi tizilombo.' Ndikanamva."

"Mwina ankayesa kuti mukudziwa."

"Kapena zonse ziwiri zinali zoona," anatero. "Tizilombo tinalipo, kutopa nane kunaliponso. Ndikamufunsa ndani?"

Ine achimwene anga ndinkawadziwa ngati munthu wansangala, wokonda kucheza. Munthu wotseka chitseko n'kuuza mkazi wake kuti usalankhule sindinkamudziwa. Sindinathe kuwaikira kumbuyo, sindinathenso kuwadzudzula.

Tinayambanso: kutsuka, kuviika, kuphika, kuyanika, ufa woyera, mgolo. Pothira mbewu tinasesa chipinda n'kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Tinatseka zenera, tinayatsa kandulo, tinadzimanga mipango pakamwa, tinapaka sipiriti m'manja mpaka m'zigongono. Tinasankha botolo la achimwene looneka lamoyo kuposa ena. Ine ndinkachotsa thonje pafupi ndi lawi, alamu n'kuthira msangamsanga, ine n'kutseka. Sitinalankhule. M'chipindamo munkangomveka supuni ikugunda galasi. Tili pakati ndinaona kuti mpango wa alamu wanyowa, misozi ikutsika mwakachetechete, manja akugwirabe ntchito. Ndinada nkhawa kuti kaya misozi nayonso ili ndi tizilombo, n'kudzichitira manyazi poganiza zimenezo, komabe botolo ndinalisendeza pang'ono.

Ulendo uno ndinatsala kumudzi komweko. M'mawa uliwonse tinkakoka katoni n'kuyang'ana. Poyamba panalibe kanthu. Kenako m'mabotolo ena munaoneka timaulusi toyera tikuyanga kuchokera pamene panagwera mbewu. Alamu anakumbuka kuti achimwene ankawagwedeza nthawi zina, koma osati onse, ndipo osati tsiku lililonse. Tinagwedeza theka, ena n'kuwasiya. Pamapeto pake ena anayera mbuu mpaka pansi, ambiri ndithu anabiriwiranso. Mwa oyerawo munali ogwedezedwa ndi osagwedezedwa omwe. Onse anaphikidwa mumgolo umodzi, ndi manja omwewo, m'chipinda chomwecho. Chimene chinasiyanitsa sitinachidziwe, ndipo mpaka lero sindichidziwa.

Komabe oyera analipo, athuathu. Ndinawandandalika pawindo n'kufunsa funso limene ndinkayesa kuti n'losavuta.

"Tsopano bowayo amatulukira pati? Pakamwa pa botolo?"

"Sindikudziwa," anatero alamu.

"Nanga achimwene ankakolola bwanji?"

"Sanakololepo."

Ndinayesa akunena nthabwala. Anati ayi, chiyambireni sanaonepo bowa ngakhale mmodzi m'nyumba muja. Achimwene ankangosamutsa mbewu, botolo ili kupita m'mabotolo awo, awo akayera kupitanso m'ena. Ankanena kuti adzamanga kanyumba ka udzu akadzapeza malo, chifukwa kumalayini sakanaloledwa kumanga. Ndinakhala pabedi manja ali lende. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti tikutsatira mapazi a munthu amene anafika kumene ankapita. Tsopano mapaziwo anathera pomwe tinaimapo.

Tinakafunsa kwa alangizi a zaulimi, amene anatilozera kwa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje yemwe anayesapo ulimi umenewu n'kuusiya. Iye ndi amene anatiuza kuti mapirawo ndi poyambira chabe. Tinadula masamba ouma a nthochi ndi mapesi a chimanga, tinaviika, tinaphikanso mumgolo, n'kulongedza m'majumbo mosanjikiza ndi mapira oyera aja. Majumbowo tinawapachika m'khola lakale la mbuzi limene tinalikolopa n'kulitchinga ndi udzu. Ine ndinabwerera ku Limbe, makasitomala anali atayamba kupita kwa atelala ena.

Patapita milungu, ndili pamakina, foni inalira. Anali alamu, akulankhula mothamanga, Chichewa ndi Chilomwe pamodzi. Anati pajumbo lina patuluka zinthu zotuwa, zosanjikizana ngati makutu, zopanda tsinde lenileni, zosafanana ndi utale kapena bowa aliyense amene anamuonapo. Anafunsa ngati ameneyu ndi yemweyo kapena ndi chuku china chachikulu. Ndinati sindikudziwa. Anafunsa ngati adye. Ndinati asadye mpaka mayi wa kutsidya uja aone. Mayiyo anabwera, n'kunena kuti ndi yemweyo, ndipo azule msanga asanakhwime.

Ndinakwera basi m'mawa mwake. Majumbo ambiri sanatulutse kanthu, awiri okha ndi amene anabereka, ndipo bowa yense anakwana m'kapoto kamodzi. Alamu anaphika ndi tomato ndi nsinjiro. Amayi anakana kulawa, anati bowa wa m'jumbo adye amene akumudziwa, iwo adya nandolo. Ana anadya mosakayika. Ine ndinatafuna pang'onopang'ono, ndikudikira kuti mwina ndimva chinachake chachikulu. Anali bowa basi, wofewa, wokoma pang'ono, wosafika pa wa kuthengo.

Tili mkati mwa kudya alamu anaima, nthongo ili m'manja.

"Kodi achimwene anu bowa ankamukonda? Muli ana?"

Ndinaganiza za kwathu, za mvula yoyamba, za mayi athu akubwera ndi lichero lodzaza kuchokera kuphiri. Ndinadziona ine ndi achemwali anga tikulimbirana msuzi. Achimwene ndinawafunafuna pamphasa imeneyo, koma sindinathe kukumbuka ngati ankapisa nawo m'mbale ya bowa kapena ankapempha ndiwo zina.

"Sindikukumbuka, alamu."

"Inenso sindinawaphikirepo," anatero. "Sanapemphepo."

Anasunsa nthongo ija, n'kupitiriza kudya.